Nsalu ya Kumaliro ya Azakhali

Lolemba, 19 Meyi

Ndatopa. Kuweruka kusukulu, kufikira kuthothola mtedza mpaka zala kuuma. Azakhali akuti mtedza sudziwa za mayeso. Bester, mwana wawo, amati akathothola pang'ono n'kuyamba kuponya mkamwa, koma palibe womunena. Ine ndine mwana wa achimwene awo, ndimangosungidwa kuno ku Nsaru chifukwa kwathu kuseri kwa Kabudula sekondale ili kutali. Ndiye ndimathothola osadzutsa mutu.

Buku la sewero lija likundikanika. Chingerezi chake n'chamakedzana, mzere umodzi ndimaubwereza mpaka tulo. Nkhani yokha ndaigwira, chifukwa aphunzitsi athu a Kachiwanda anatifotokozera m'Chichewa atatseka chitseko. Mtsogoleri wakula mphamvu, anzake apangana zomubaya, koma akudziwa kuti anthu sadzawamvetsa pokhapokha mnzake wapamtima akhale nawo. Ndiye amunyengerera mpaka walola. Atamubaya, pa maliro palankhula anthu awiri, ndipo wolankhula pomaliza watembenuza gulu lonse. Zonsezi ndikuzidziwa. Vuto ndi loti pa mayeso a Fomu 4 safunsa m'Chichewa, ndipo kwangotsala milungu yochepa.

A Kachiwanda akuti Lachitatu tisewera chigawo cha maliro kuti chitilowe m'mutu. Ine andipatsa malo a mnzake wapamtima uja. Wonyengerera ndi Thomson, ndipo pamenepo sanalakwitse, mnyamata uja angakugulitse nsapato zako zomwe. Koma mtembo palibe waufuna. Kalasi yonse inayang'ana pansi. Monalisa, mnzanga wapabenchi, ananena mokweza kuti kwawo munthu wamoyo sagona ngati maliro, kumeneko n'kudziitanira. A Kachiwanda anapukusa mutu n'kunena kuti tipeze tokha munthu.

Lachiwiri, 20 Meyi

Magetsi anazima dzulo, sanayakebe. Foni ya azakhali yafa.

Thomson anandipeza pa mjigo nthawi yopuma. Akuti mtembo ukhale Bester, poti tili naye kalasi imodzi, ndipo samvera munthu wina aliyense koma ine. Akuti kalasi yonse ikudalira ine, ndipo a Kachiwanda amanena ndikakhala kulibe kuti mwa atsikana onse wopita kuyunivesite ndine. Ndinkaona ndithu kuti akundiseweretsa, koma zinandikoma, ndisaname. Pochoka anawonjezera kuti ndibweretsenso nsalu yaikulu yofunditsira, popeza kwathu ndi kufupi.

Madzulo pa mtedza ndinamuyamba B. Ndinamuuza kuti m'sewero lonse malo osafuna kuloweza kanthu ndi amenewa, ntchito yake n'kugona basi, imene amaidziwa kuyambira ali mwana. Anaseka, anati mkazanga ukufuna umasiye ndisanakukwatire n'komwe. Chisuweni chake chimenecho, sichitha. Kenako anasiya kuseka.

"Nanga amayi akamva?"

Ndinati sadzamva. Ndinamulonjeza kuti ndimuthotholera gawo lake sabata yonse, ngati kuti sindimatero kale. Analola.

Lachitatu, 21 Meyi

Lero lokha buku lija landimvera.

M'mawa azakhali ali kudimba ndinatsegula sutikesi yawo. Ndinatenga nsalu yakuda ya mizere yoyera imene amavala kumaliro kokha. Ndiyo yaikulu, komanso ndinaganiza kuti popanda maliro sangaifune.

B. tinamugoneka pa mabenchi kutsogolo kwa kalasi. Thomson anamuthira inki yofiira pa malaya kuti zioneke zenizeni. Ndinamufunditsa ndine. Nsalu inaperewera, mapazi anatulukira kunja, chipsera chake cha khasu chili poyera. Anali akunjenjemera, kaya ndi kuseka kaya ndi mantha, ndiye ndinamunong'oneza kuti usaope.

Ndikuimirira kuti ndilankhule, ndinaona Mona akusisita chikwama. Foni kusukulu n'zoletsedwa, koma yake amaibisa m'thumba la masamu, ndipo amatchajitsa kwa ometa amene ali ndi sola. A Kachiwanda anali atapita kumbuyo kukaletsa aphokoso. Ndinati, "Jambula, Mona, jambula." Ndinkafuna kudzadziona ndikulankhula Chingerezi chovuta chija. Ndipo ndinalankhuladi bwino, osaphonya. Owen, amene anali wolankhula pomaliza, ankawerenga mokakamira ngati ngolo yokwera chitunda, komabe kalasi inakuwa kuti achiwembu aphedwe, chifukwa buku likutero. A Kachiwanda anasangalala mpaka anatitulutsa msanga.

Pobwerera Mona anatenga chithunzi chimodzi mu kanema amene anajambula uja, cha B. yekha atafunda, n'kuchiika pa sitetasi ya pafoni kuti anthu aone. Analemba kuti Uuse mumtendere Bester, ndi tinkhope tolira. Tinaseka njira yonse, B. yemwe.

Inki inalowerera pa nsalu. Ndachapa ndi sopo, yatsalabe pang'ono. Ndaibwezera pansi pa zinzake.

Lachinayi, 22 Meyi

Sindikudziwa poyambira.

M'mawa ndikusesa pabwalo, B. ali pakhonde akudya mzimbe m'malo mokatunga madzi, tinamva nyimbo ya maliro ikubwera ndi galimoto. Azakhali anatuluka akumanga mpango, akufunsa kuti watisiya ndani. Lole ya fodya inadzaima pakhomo pathu penipeni. Kumbuyo kunali amayi akumudzi kwathu, maso ofiira. Kutsogolo abambo anga, atavala jekete yawo ya kutchalitchi.

Woyamba kumuona B. anali mayi wina amene anali atatsitsa kale mwendo umodzi. Nyimbo inaduka pakati. Ena anathawira m'munda wa aneba, wina anangogwa m'lole momwemo. B. anaimirira, mzimbe uli m'manja, n'kunena kuti takulandirani amalume. Abambo anayenda mpaka pamene anaima, anamugwira nkhope, anamugwira mapewa, kenako anakhala pa dothi ndi jekete yawo yomwe. Sindinawaonepo akulira chonchi.

Nkhani tinaimva pang'onopang'ono. Chithunzi chija chinayenda foni ndi foni mpaka pa golosale ina ku Kabudula, pamene munthu anawaonetsa abambo dzulo madzulo. Poyamba anakana. Koma anazindikira nsalu ya mlongo wawo, anazindikira chipsera, anaona chofiira chija. Anaimbira azakhali, foni yozima. Anaimbanso, yozimabe. Iwo ndiwo malume ake a B., maliro ake ndi awo, ndiye anachita zimene malume amachita. Anauza mudzi. Masamba anaikidwa pamsewu, anthu anachezera pamaliro, adzukulu analawirira kumanda ndi makasu. Lole imabwera kudzatenga thupi.

Azakhali sanalire, sanakuwe. Analowa m'nyumba, tinamva sutikesi ikutseguka. Anatuluka ndi nsalu ija n'kuitambasula pamaso pa anthu onse, banga lili pakati.

"Anatenga ndani?"

Ndinati ndine.

"Anamugoneka ndani?"

B. anayamba kuyankha. Anamuuza kuti sakufunsa iye. Ndinati ndine.

Kusukulu sitinapite.

Lachisanu, 23 Meyi

Azakhali sakundilankhula. Madzi amene ndinatunga anawathira pa maluwa n'kukatunga ena okha.

Lole inabwerera dzulo ndi amayi aja, abambo anatsala. Ndinawamva akukambirana m'chipinda, khoma lake n'lopyapyala. Azakhali anati, "Achimwene, mwana wanu mutenge. Ndamusunga ngati wanga, iye n'kukandifunditsira mwana wanga nsalu ya maliro." Abambo sanandiikire kumbuyo. Anangoti amva.

Manda anali atafika m'chiuno uthenga usanabwerere. Akuti sangasiyidwe apululu, komanso sangakwiriridwe opanda kanthu, ndiye mawa aikamo thunthu la nthochi. Zisanachitike zimenezo banja likhala pansi, ndipo za ine zikathera komweko. Abambo andiuza kuti ndilongedze zonse, mabuku omwe. Ndikachoka kuno, sukulu yatha. Kuchokera kwathu palibe amene angayende ulendo umenewu tsiku ndi tsiku, ndipo ku Nsaru kuno ndilibe wachibale wina. Mayeso ndidzangowamvera pa wailesi.

A Kachiwanda anabwera masana kudzapepesa. Azakhali anawalandirira pakhonde, chiimire. Aphunzitsiwo anati cholinga chawo chinali chothandiza ana kumvetsa buku, ndipo za foni sanadziwe. Thomson anadutsa pamsewu pa njinga, khosi litatembenukira kwina ngati kuli chinthu chosangalatsa kwa aneba.

Ndakonza zokanena mawa. Ndachita ngati mnzake wapamtima wa m'sewero uja, kufotokoza zifukwa mwadongosolo, popanda kulira. Anthu akamva zifukwa amvetsa, eti.

Mutu ukundiwawa.

Loweruka, 24 Meyi

Titafika kwathu tinakhala m'chigafa cha abambo, fodya anatha kale kupita kumsika. Amuna pa mipando ndi pa njerwa, amayi pa mphasa, adzukulu chapatali ndi makasu awo, nkhope zotopa. Thunthu la nthochi linali litagonekedwa panja, litadulidwa kale. Amayi anga anakhala kumbuyo kwenikweni, osandiyang'ana. Mkulu wa mpingo anatsegula ndi pemphero lalitali, lothokoza kuti mwana ali moyo, koma sanamveke ngati munthu wothokoza.

Anandipatsa mpata. Ndinagwada n'kuyamba. Choyamba, linali phunziro, osati masewera. Chachiwiri, buku lake limabwera pa mayeso a boma. Chachitatu, Bester ndimamukonda ngati mlongo wanga, sindingamufunire zoipa. Ndinafotokozanso pang'ono nkhani ya m'bukumo kuti aone chifukwa chake pankafunika mtembo. Amuna ena ankagwedeza mitu, ndipo ndinayamba kuganiza kuti zikuyenda. Nditakhala chete, azakhali anafunsa ngati ndamaliza. Ndinati eya. Anati ndiye mwamva nokha, akutiphunzitsa. Mmodzi wa adzukulu anati boma limene limafuna mitembo likakumbe lokha manda. Abambo anayamba kukonza kukhosi kuti agamule, ndipo ndinadziwa chimene anene.

Pamenepo B. anapempha kulankhula. Ena anakana, akuti mwana, koma mkulu wa mpingo anati mwini maliro asamanidwe mawu. Anthu anaseka pang'ono, koyamba tsiku lonse.

Anayamba n'kupempha nsalu ija kwa amayi ake. Anaigwira m'manja. Kenako anati iye sadziwa kulankhula ngati ine Triza, angonena zimene anamva ali pansi pake. Anati munali mdima, ndipo nsalu inkanunkhira mafuta a amayi ake, mpaka anayamba kuganiza kuti tsiku lina zidzakhaladi chonchi, amayi ake ali panja iye osatha kuwayankha. Apa azakhali anaphimba kumaso. Anapita kwa abambo n'kugwada, anati amalume, munandilira ndili moyo, tsopano ndadziwa mmene mumandikondera. Amayi a pamphasa anayamba kufwenthera. Anatambasula nsalu, chala pa banga lija, n'kuzungulira nayo kuti aliyense aone.

"Triza anandifunditsa, n'zoona. Koma anandinong'oneza kuti usaope. Zikanathera pomwepo, bwenzi amalume atagona tulo Lachitatu. Kenako ndinamva foni."

Anati satchula dzina, mtsikanayo ndi wa kwaya, makolo ake ndi anthu aulemu. Anthu anati atchule. Anakana. Anakakamira, adzukulu mpaka anaimirira. Anatchula motsitsa mawu, ngati zamupweteka. Chigafa chonse chinasanduka. Amene ankandiyang'ana ine anayamba kufunsana kuti Monalisa ameneyu ndi mwana wa ndani, foni anaitenga kuti, sukulu yake imalola bwanji. Azakhali anati akaonana ndi ahedi Lolemba. Za ine abambo anangoti nditsale ku Nsaru mpaka mayeso, ngati mlongo wawo alola. Azakhali anati mwana wopusitsidwa ndi anzake amalangizidwa, sathamangitsidwa.

Ine ndinali chigwadire. Zoti ndine ndinamuuza Mona kuti ajambule sindinaziulule.

Nsalu anakulungira thunthu lija, adzukulu ananyamula. B. sanamulole kupita kumanda. Tinatsala awiri kuseri kwa khola, iye akusenda mzimbe wina. Anati waona mkazanga, mumati ndimagona m'kalasi, Owen ankawerenga ine ndikumvetsera. Ndinamufunsa ngati anamva china chilichonse pansi pa nsalu paja. Anati anamva zonse. Anandipatsa mfundo ya mzimbe, ndinailandira.

Lamulungu, 25 Meyi

Tabwerera ku Nsaru ndi katundu wanga yense. Kutchalitchi sindinapite, ndinati m'mimba. Akuti Mona anaimba nawo kwaya, anthu akulozerana.

Lolemba, 26 Meyi

Azakhali anapitadi, atavala yunifolomu ya Chigwirizano, ndi amayi ena awiri a mumpingo. Mona anaitanidwa pakati pa phunziro la masamu. Potuluka anandisiyira cholembera chake kuti ndimugwirire, ngati akubwera pompano. Ndinadikira kuti nanenso anditumizire munthu. Chitseko chikagogodedwa ndinkati abwerera ine. Palibe anabwera.

A Kachiwanda lero sanatseke chitseko, sanalankhule Chichewa, ndipo akuti zosewera zatha, tizingowerenga. Tinafika pamene gulu lija, litatenthedwa ndi mawu a pamaliro, likumana ndi munthu wongodziyendera m'njira n'kumupha, ngakhale akuwauza kuti iye sanali nawo pa chiwembu. Anafunsa kuti wolemba anaikiramo chiyani chigawo chachifupi chonchi. Thomson anakweza dzanja n'kuyankha bwino kwambiri, za kuopsa kwa gulu, mpaka aphunzitsi anati tilembe yankho lake. Ndinalemba ndi cholembera cha Mona.

Mona amuimitsa sukulu mpaka mayeso. Adzangobwera kudzalemba. Bambo ake anaitanidwa, foni anaitenga iwo.

Kunyumba azakhali anandisungira mbatata yootcha. Anati ndidye ndiwerenge, mtedza athothola ndi B. Akhala akundiyang'ana mwachifundo madzulo onse.

Magetsi ayaka.

Lachiwiri, 27 Meyi

Ndikawauza azakhali, ndipita kwathu, ndipo Mona sabwezedwabe, foni inali yake. Ndikapanda kuwauza, ndilemba mayeso. Ndazitembenuza uku ndi uku tsiku lonse. Mnzake wapamtima wa m'buku uja nayenso anali ndi zifukwa zabwino zokhazokha, ndipo sabata yatha ndinkamuona ngati wopusa.

Kanema uja ali m'foni. Mawu anga alimo, omveka bwino, ndinali pafupi. Bambo ake akangotsegula, nkhani ibwera yokha. Mwina ndikungodikira zimenezo kuti andichotsere ntchito.

Ndawerenga masamba angapo, sindikukumbuka kanthu. Ndatopa kuposa masiku a mtedza.

Lachitatu, 28 Meyi

Ndinakumana ndi Mona m'mawa pa siteji, ndikupita kusukulu. Anali ndi chikwama chachikulu ndi ndowa, akudikira minibasi. Akumutumiza kwa achemwali ake ku Njewa, akalere mwana mpaka tsiku la mayeso. Mabuku anawamanga ndi chingwe cha kabudula wamasewera. Ndikanatha kudzera kuseri kwa magolosale, koma anali atandiona kale.

Ndinamupatsa cholembera chake. Anachiyang'ana n'kuchiika m'tsitsi monga amachitira. Ndinayamba kunena kuti Mona, za Loweruka zija, koma anandidula, anati wamva zonse, Bester ndi katswiri. Sanakwiye ndipo sanamwetulire. Anandifunsa pamene afika m'buku. Ndinamuuza. Anati ndizimulembera manotsi mooneka bwino, osati zolemba zanga za nkhuku zija.

Ndinamufunsa za kanema. Mawu anatuluka okha, ndipo ndinachita manyazi ndisanamalize n'komwe.

"Ndinafufuta ndili pakhomo pa ahedi, asananditengere foni," anatero. "Ine kwathu ndi konkuno, ndikabwerako ndipeza nyumba. Iwe ukanapita kuti?"

Minibasi inafika. Kondakitala anaponya ndowa pamwamba pa matumba a mtedza. Atakhala pansi anatsegula zenera.

"Unalankhula bwino tsiku lija, Triza. Ndinaonera kaye ndisanafufute."

Ndinafika mochedwa, phunziro litayamba. Benchi yathu inali yonse yanga, ndinakhalabe kumapeto kwanga. A Kachiwanda anati titsegule pamene tinalekezera, ndipo popeza malo a mnzake wapamtima ndi anga, ndiwerenge ndine. Ndinaimirira, buku lili m'manja. Kalasi inadikira. B. anatembenuka kundiyang'ana, kenako anayang'ana pawindo.

Aphunzitsi anati Triza, tikudikira iwe.